Kuchokera ku Luangwa Kukafika ku Muizenberg: Zomwe Timamva za Mafunde ndi Zoona Zake

Petauke ndi Nyimba ndi maboma a kumtunda. Mwana wobadwira kwa Kalindawalo, kwa Ndake kapena kwa Nyalugwe amakula akudziwa madzi a pamjigo, a m'dambo, ndi a mitsinje yomwe imasefukira m'dzinja n'kutsala mchenga wokhawokha m'chilimwe. Madzi aakulu amene ambiri a ife tinawaonapo ndi a Luangwa, posuzumira pawindo basi ikamawoloka mlatho paulendo wa ku Lusaka. Nyanja yamchere yapafupi ili ku Mozambique, mtunda wopitirira makilomita 600.

Koma anthu a kuno ndi oyenda. Makolo athu ankapita ku mafamu a ku Zimbabwe ndi ku migodi ya ku Johannesburg, ndipo lero adzukulu awo akufika ku Beira, ku Dar es Salaam, ku Durban ndi ku Cape Town, ena pa malori, ena pa maphunziro, ena posaka ntchito. Tsiku lina munthu wotere amaima pagombe koyamba, m'mutu muli nkhani zomwe anamva kumudzi ndi m'basi. Zina mwa nkhanizo zimamumana chisangalalo chomwe ndi chakenso. Zina zimamulowetsa m'madzi pamalo oopsa kwambiri.

Nkhani ino yatsamira pa gombe limodzi, la Muizenberg, mumzinda wa Cape Town, m'mphepete mwa False Bay. Ndi gombe lomwe anthu ambiri a ku South Africa amaphunzirirako kukwera mafunde pathabwa, masewero otchedwa surfing. Pafupi pomwepo pali Vrygrond, komwe ena amakutcha Capricorn, ndipo kumeneko Chichewa chimamveka m'misewu chifukwa cha abale athu ochokera ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo. Mfundo yanga ndi imodzi: nyanja ili ndi khalidwe lake, khalidwelo limaphunzirika, ndipo munthu wa kumtunda ali ndi ufulu wonse wolowamo, bola alowe ngati wophunzira.

Chikhulupiriro: Kukwera mafunde ndi masewero a azungu, munthu wakuda ali ndi mafupa olemera, sayandama.

Zoona zake: Masewerowa sanayambire ku Ulaya. Anthu a pazilumba za Hawaii ndi Polynesia ankakwera mafunde zaka mazana ambiri mzungu asanafikeko, ndipo amene anawafalitsa ku America ndi ku Australia cha m'ma 1910 anali mbadwa ya ku Hawaii, Duke Kahanamoku. Kuno ku Africa, m'chaka cha 1834, msilikali wa ku Britain dzina lake James Alexander analemba za anyamata a ku Accra, ku Ghana, omwe ankalowa m'nyanja ndi timatabwa topepuka pamimba, n'kudikira funde kuti liwabweretse kugombe. Katswiri wa mbiri yakale Kevin Dawson wapeza zolembedwa za mtundu womwewu zofika m'ma 1640.

Nanga maganizo akuti nyanja ndi ya azungu anachokera kuti? Ku South Africa anachokera ku lamulo. M'chaka cha 1953 boma la tsankho linakhazikitsa lamulo logawa malo osangalalira motsata khungu. Magombe abwino, kuphatikizapo Muizenberg, anakhala a azungu okha. Anthu akuda ndi a makaladi anawakankhira ku magombe monga Monwabisi ndi Strandfontein, komwe madzi ake ndi aukali. Mu Ogasiti 1989 Akibishopu Desmond Tutu anatsogolera anthu kukaponda gombe loletsedwa la Strand, ndipo lamulolo linathetsedwa mu 1990. Mibadwo yathunthu inakula osaphunzira kusambira chifukwa inatsekeredwa kunja, osati chifukwa cha mafupa.

Kuyandama kumadalira mpweya umene uli m'mapapo, mafuta a m'thupi, ndi kudekha kwa munthu. Ana a asodzi a ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay amatsimikiza zimenezi tsiku lililonse. Mu 2018 Michael February wa ku Cape Town, munthu wakhungu lakuda, anapikisana nawo mu mpikisano waukulu koposa wa dziko lonse wa masewerowa. Bungwe la Waves for Change, lomwe linayambira m'komboni ya Masiphumelele, limaphunzitsa ana a m'makomboni kukwera mafunde ngati njira yowathandiza kupepukidwa mumtima atakumana ndi nkhanza kapena mavuto a pakhomo. Amayi nawonso si alendo pamasewerowa: chithunzi cha 1919 chimaonetsa Heather Price ali ndi thabwa pa Muizenberg pomwepa, ndipo mu 2021 Bianca Buitendag wa ku South Africa anapata mendulo ya siliva pa masewero a Olympics ku Tokyo.

Chikhulupiriro: Amene amadziwa kusambira mu Luangwa sangavutike m'nyanja.

Zoona zake: Kudziwa kusambira ndi chuma, ndipo mnyamata amene anakulira m'mbali mwa Luangwa kapena Lukusashi ali ndi poyambira pabwino. Koma mtsinje ndi nyanja zimayenda mosiyana. Mtsinje umalowera mbali imodzi; ukauyang'ana m'mawa, wadziwa komwe ukupita tsiku lonse. Nyanja imakankha, imabwerera, imakokera cham'mbali, ndipo imasintha ola ndi ola.

Choyamba chomwe chimadabwitsa wa kumtsinje ndi chakuti mafunde amabwera m'magulu. Pamatha kupita mphindi zingapo nyanja ikuoneka yofatsa, kenako n'kufika mafunde atatu, anayi kapena asanu akuluakulu otsatizana. Munthu amene analowa nthawi ya bata ija madzi akumulekeza m'chiuno amapezeka mapazi ake sakugundanso pansi. N'chifukwa chake odziwa nyanja amayamba akhala pamchenga mphindi khumi kapena kuposerapo akungoyang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. N'chifukwa chakenso kujambulitsa chithunzi utaima pamwala wonyowa, utafulatira nyanja, kwatengetsa anthu ambiri: mwala wonyowa ndi umboni wakuti funde linafikapo ndipo lifikanso.

Chachiwiri ndi mchere. Mu lita imodzi ya madzi a m'nyanja muli pafupifupi magalamu 35 a mchere. Mcherewu umathandiza thupi kuyandama kuposa m'madzi a mumtsinje, koma ukalowa m'maso ndi pakhosi umawawa ndi kutsamwitsa, ndipo mlendo amagwidwa mantha msanga.

Chachitatu ndi kuzizira. Madzi a ku Muizenberg amafunda kufika cha m'ma madigiri 20 m'miyezi yotentha, n'kutsika kufika cha m'ma 14 m'miyezi yozizira. Mbali ina ya mzinda, ku Camps Bay ndi ku Clifton, madzi amazizira kuposa pamenepo ngakhale dzuwa likuswa mtengo, chifukwa mphepo imakankha madzi apamwamba ndipo ozizira a pansi amakwera. Madzi ozizira amabanikitsa mpweya m'mphindi yoyamba, ndipo pakapita kanthawi amafooketsa manja ndi miyendo. Wosambira wamphamvu wa kumtsinje wofunda amatopa msanga kuposa mmene amadzidziwira.

Chikhulupiriro: Pamene mafunde sakuphulika, pomwe madzi ali phee, ndi pamene pali pabwino kulowera. Ndipo munthu akakokedwa, ndiye kuti chilipo chomwe chamukokera pansi.

Zoona zake: Chikhulupiriro ichi chapha anthu ambiri. Funde lililonse limatula madzi kugombe, ndipo madziwo ayenera kubwerera. Amafuna malo okuya pakati pa milu ya mchenga ya pansi pa nyanja, kapena m'mbali mwa miyala, n'kudutsa pamenepo mwaliwiro kulowera pakati. Ngalande ya madzi obwererayi eni gombe amaitcha rip. Popeza pamenepo ndi pokuya, mafunde saphulikapo. Maso a mlendo amaona bata. Zoona zake n'zakuti ndi pomwe pali mphamvu yokokera kutali. Ngalande yaukali imathamanga kupitirira mamita awiri pa sekondi imodzi, liwiro loti ngakhale katswiri wa mipikisano sangalimbane nalo.

Zizindikiro zake zimaoneka ukaima pamalo okwera: mpata pakati pa mafunde oyera, madzi oderapo kapena a mtundu wa mchenga, thovu ndi zinyalala zikuyenda kuchoka kugombe kupita pakati.

Kwathu munthu akamira timafunsa kuti wamutenga ndani, ndipo timamva za mizimu ya m'madzi kapena ng'ona zotumidwa. Mafunso amenewa amachokera mu chisoni chenicheni, ndipo sindikuwanyoza. Koma ngalande ija sikokera munthu pansi. Imamunyamula pamwamba n'kumupititsa kutali, ndipo ikadutsa pamene mafunde akuphulikira imatha mphamvu. Chomwe chimapha ndi mantha ndi kutopa: munthu amasambira molunjika kugombe, kulimbana ndi madzi, mpaka manja atalefuka.

Apa nzeru ya kumtsinje imathandiza. Wopalasa bwato pa Luangwa yodzaza salozetsa bwato kumene madzi akuchokera. Amadula chopingasa, kulola madzi amutsitse pang'ono, mpaka atafika tsidya. Chitani chimodzimodzi. Mukaona kuti gombe likutalikira, lekani kulimbana. Gonani chagada, pumani, kwezani dzanja limodzi kuti akumtunda akuoneni. Ngati mphamvu zilipo, sambirani cham'mbali, motsata gombe, mpaka mutafika pamene mafunde akuphulika; mafundewo adzakuthandizani kubwerera. Ngati muli ndi thabwa, musalisiye.

Njira yapafupi yopewera zonsezi ndi kusambira pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu zomwe opulumutsa anthu amazika pamchenga. Iwo anayang'ana kale nyanja m'mawa n'kusankha malowo. Muizenberg imatchuka kwa ophunzira chifukwa mchenga wake umatsetsereka pang'onopang'ono ndipo pamalo otchedwa Surfers Corner madzi obwerera si aukali kwenikweni. Koma gombe lomwelo likamapita kummawa, cha ku Strandfontein, Mnandi ndi Monwabisi, khalidwe la madzi limasintha. Dzina la False Bay ndi limodzi, magombe ake ndi osiyana.

Chikhulupiriro: Mafunde amabwera ndi mphepo ya tsikulo, choncho tsiku lotentha la mphepo yambiri mu Disembala ndilo labwino kuphunzira.

Zoona zake: Pa nyanja ya Malawi zimenezi n'zoona ndithu: mphepo ya mwera ikawomba mafunde amadzuka, ikaleka amagona. Pa nyanja yamchere mafunde abwino amabadwira kutali. Kummwera kwa Africa, pakati pa Cape Town ndi Antarctica, kumawomba mikuntho yamphamvu chaka chonse. Mikunthoyo imadzutsa mafunde omwe amayenda makilomita zikwizikwi kwa masiku angapo, akudzisanja m'mizere panjira. Akafika posaya, pansi pa funde pamachedwa, pamwamba n'kugwera kutsogolo. Motero mungapeze mafunde aakulu tsiku lopanda ndi kamphepo komwe.

Ntchito ya mphepo ya tsikulo ndi kukonza kapena kuononga mafunde amene afika kale. Mphepo yochokera kunyanja kupita kumtunda imawaphwanya msanga n'kuwasokoneza. Yochokera kumtunda kupita kunyanja imawasalaza n'kuwaimika bwino. Ku Muizenberg mphepo ya kummwera chakummawa, yomwe eni mzinda amaitcha Cape Doctor, imawomba kuchokera kunyanja, ndipo imalimba kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi. Mphepo ya kumpoto chakumadzulo imachokera kumtunda, ndipo nyengo yake ndi Meyi mpaka Ogasiti.

Izi zikutanthauza kuti nyengo ya mvula ya kumeneko ndi yotembenuka poyerekeza ndi yathu. Pamene alimi a ku Petauke ali kalikiliki kupalira chimanga ndi mtedza, ku Cape Town kulibe mvula, kuli dzuwa ndi mphepo yosokoneza mafunde. Pamene ife takolola ndipo tikuotha moto mu Juni ndi Julayi, kumeneko kukugwa mvula, madzi azizira, koma mafunde ndi osalala. Wophunzira amene akufuna madzi ofundirapo apite m'miyezi yotentha koma alawire m'mamawa, mphepo isanadzuke. Miyezi ya Malichi, Epulo ndi Meyi imakhala yokoma pa zonse ziwiri: mphepo yachepa, madzi sanazizire kwambiri.

Palinso kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, chinthu chomwe mtsinje sudziwa. Chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa, nyanja imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima, imadzaza kwambiri ndi kuphwa kwambiri, ndipo ngalande zobwerera zija zimalimba. Ku Cape Town kusiyanaku sikufika mamita awiri, koma ku Beira kumapitirira mamita asanu ndi limodzi, moti malo omwe munayenda pouma masana amakhala nyanja madzulo. Nthawi zimenezi zimawerengedwa pasadakhale, ndipo masitolo a pagombe amazidziwa. Funsani, safunsa anadya phula.

Chikhulupiriro: Shaki ili ngati ng'ona, ukangolowa m'nyanja yakugwira.

Zoona zake: Munthu wa m'chigwa cha Luangwa ali ndi chifukwa chomveka choopera zilombo za m'madzi. Mtsinjewu uli ndi mvuu ndi ng'ona zochuluka zedi, ndipo ng'ona imabisalira dala pamadooko pomwe anthu amatunga madzi ndi kuchapa. Shaki sichita zimenezo. Chakudya chake ndi nsomba ndi nyama za m'nyanja, ndipo pa dziko lonse anthu ofa atalumidwa ndi shaki amakhala pafupifupi 10 pachaka, zaka zina kucheperapo. Ofa chifukwa chomira, malinga ndi bungwe la World Health Organization, anali pafupifupi 300,000 m'chaka cha 2021.

Izi sizikutanthauza kuti ku False Bay kulibe shaki. Zilipo, ndipo zinavulazapo ndi kupha anthu. Pambuyo pa ngozi zoterezi, m'chaka cha 2004, ku Muizenberg kunayamba ntchito ya Shark Spotters. Oyamba kugwira ntchitoyi anali anthu olondera magalimoto pagombe, omwe anapemphedwa kukwera phiri kuti aziyang'ana m'madzi kuchokera pamwamba. Lero ndi bungwe lokhazikika. Mlonda amakhala paphiri, m'mbali mwa msewu wa Boyes Drive, n'kumalankhulana ndi mnzake wa pagombe.

Mbendera zawo ndi zinayi, ndipo ndi bwino kuziloweza. Yobiriwira ikutanthauza kuti madzi akuoneka bwino ndipo palibe shaki yaoneka. Yakuda ikutanthauza kuti madzi ndi akuda kapena kuli chifunga, mlonda sakutha kuona bwino. Yofiira ndi chenjezo lakuti shaki yaoneka posachedwa kapena pali china choikopa. Yoyera, pamodzi ndi kulira kwa sairini, ikutanthauza kuti shaki ili pafupi: tulukani modekha, ndipo musabwerere mpaka atakuuzani. Kuyambira cha mu 2017 shaki zoyera zikuluzikulu zinayamba kusowa mu False Bay, ndipo akatswiri ambiri amaloza anamgumi awiri a mtundu wa orca, otchedwa Port ndi Starboard, omwe amazisaka. Mitundu ina ya shaki idakalipo, choncho mbenderazo zidakali ndi ntchito.

Chikhulupiriro: Thabwa laling'ono ndilo losavuta, ndipo munthu wamphamvu safuna mphunzitsi.

Zoona zake: Thabwa lalifupi losongoka lomwe timaona pa kanema ndi la akatswiri. Wophunzira amafunika lalitali, la mamita awiri ndi theka kapena kuposerapo, lotambalala, lokutidwa ndi zofewa kuti likamugunda lisamuvulaze. Masitolo a pa Surfers Corner amabwereketsa matabwa oterewa pamodzi ndi wetsuit, chovala chothina chomwe chimasunga kutentha kwa thupi, ndipo ali ndi aphunzitsi. Sitima ya pamtunda yochokera pakati pa mzinda kupita ku Simon's Town imaima pafupi ndi gombe penipeni.

Tsiku loyamba simupita kwakuya. Mumaima pamene madzi akulekeza m'chiuno, n'kumadikira thovu loyera la funde lomwe laphulika kale. Mumagona pathabwa chafufumimba, mutaloza kugombe, n'kupalasa ndi manja mpaka fundelo litakunyamulani. Kuimirira kumabwera pambuyo, ndipo kumafuna maondo opindika ndi maso oyang'ana kutsogolo osati kumapazi. Mphamvu za pakhasu zimathandiza popalasa, koma sizilowa m'malo mwa kuleza mtima.

Pali malamulo angapo omwe amateteza inu ndi anzanu. Chingwe cha thabwa chimamangidwa pa kakolo wa mwendo wakumbuyo, ndipo sichimasulidwa muli m'madzi. Polowa, thabwa limagwiridwa pambali, osati pakati pa inu ndi funde, chifukwa funde lidzaliponya kumaso kwanu. Pogwa, igwani chathyathyathya osati chamutu, popeza pansi pali pafupi, ndipo povuuka tchingani mutu ndi manja. Funde ndi la munthu amene ali pafupi kwambiri ndi pomwe layambira kuphulika. Ngati wina wakwera kale, musamudule kutsogolo. Osambira ali ndi malo awo, a matabwa ali ndi awo.

Pa zovala, jinzi, siketi yaitali ndi chitenje zikanyowa zimalemera ndi kukulunga miyendo. Amayi ndi atsikana omwe safuna kuonetsa thupi asade nkhawa: wetsuit imaphimba kuyambira m'khosi mpaka m'akakolo. Khungu lakuda nalo limapsa ndi dzuwa la pagombe, choncho mafuta oteteza ndi ofunika kwa tonse. Mphepo ya kunyanja ikawomba masiku angapo, pamchenga pamagwa tizilombo tobiriwira ngati thambo totchedwa bluebottle, tokhala ndi ulusi woluma. Musatigwire ngakhale titafa, ndipo mukalumidwa tsukani ndi madzi a m'nyanja osafikisa, kenako pitani kwa opulumutsa anthu. Mowa ndi woletsedwa pa magombe a mzinda wa Cape Town, ndipo chifukwa chake n'chomveka: pa 26 Disembala ndi pa 1 Januwale, pomwe magombe amadzaza, mowa ndi madzi zalirisa mabanja ambiri.

Chikhulupiriro: Madzi a m'nyanja ndi mankhwala, ukamwa amatsuka m'mimba ndi kuchotsa minyama.

Zoona zake: Ambiri obwera kuchokera ku Durban kapena ku Beira amanyamulira abale botolo la madzi a m'nyanja, ndipo mipingo ina imabatiza ndi kupemphera pagombe. Za chikhulupiriro cha munthu ndi Mulungu wake sindilowererapo. Koma za thupi n'zodziwika. Madziwa ali ndi mchere wochuluka kuposa umene impso zingathe kutulutsa popanda kuononga madzi ena a m'thupi. Kutsegula m'mimba ndi kusanza komwe anthu amati ndi kutsuka kumaumitsa thupi, ndipo n'koopsa kwa ana, okalamba, ndi odwala impso kapena kuthamanga kwa magazi. Amene akukabatiza kapena kupemphera m'nyanja asankhe masana, pamalo a mbendera, opulumutsa anthu alipo. Kulowa m'bandakucha, mutavala mikanjo yaitali, pagombe lopanda anthu, n'kuika moyo wa mpingo pachiswe.

Chikhulupiriro: Womira amakuwa ndi kukupiza manja, ndipo akavuulidwa ayenera kupsinjidwa pamimba kuti madzi atuluke.

Zoona zake: Nthawi zambiri munthu amamira mwakachetechete. Mpweya wochepa umene ali nawo sukwana kukuwa. Mutu umangotuluka ndi kulowa, manja akukankha madzi cham'mbali. Mwana amatha kumira makolo ali chapafupi akucheza. Ana akakhala m'madzi, pakhale wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuwayang'ana basi, foni ili m'thumba.

Mukaona wina akumira, musadumphire m'madzi chimanjamanja, chifukwa womira amakangamira aliyense amene wamufika ndipo maliro amakhala awiri. Kuwani, itanani thandizo. Ku South Africa nambala ya 112 imagwira pa foni iliyonse ya m'manja. Muponyereni choyandama. Bungwe la National Sea Rescue Institute, lomwe linakhazikitsidwa mu 1967, lakhala likupachika zoyandamitsa za mtundu wa pinki m'magombe kuyambira 2017 kuti aliyense azigwiritse ntchito. Kwathu chigubu chopanda kanthu cha malita 20 chotsekedwa bwino, nsungwi yaitali kapena chingwe zimagwira ntchito yomweyo.

Akavuulidwa, kumupsinja pamimba kapena kumuzondotsa kumangotaya nthawi ndi kumusanzitsa, masanziwo n'kulowa m'mapapo. Chomwe thupi lake likusowa ndi mpweya. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, kwezani chibwano, muuzireni mpweya pakamwa kasanu, kenako sindikizani pakati pa chifuwa ka 30 n'kuuzira kawiri, mobwerezabwereza mpaka thandizo litafika. Musaope kumukhudza podikira apolisi. Mphindi zoyambazo ndizo za moyo. Ngati akupuma, mugonekeni cham'mbali, muvuleni zonyowa, mufunditseni, ndipo apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino.

Chikhulupiriro: Popeza Zambia ilibe nyanja yamchere, nkhani ya mafunde sikutikhudza.

Zoona zake: Mu Zambia momwemuno muli funde lomwe akatswiri amabwerera kuchokera kutali. Kumunsi kwa mathithi a Victoria Falls, m'chigwa cha Batoka pafupi ndi Livingstone, pamalo otchedwa Rapid 11, madzi a Zambezi amadzuka n'kupanga funde loima malo amodzi. Limaoneka kwa masabata ochepa chabe pachaka, madzi akafika pa mlingo woyenera, ndipo si la wophunzira ngakhale pang'ono.

Amene akufuna kulawa mafunde osapita kutali angadzere ku Chipata, kuwoloka malire pa Mwami, kudutsa Lilongwe mpaka ku Senga Bay, m'boma la Salima. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umadzutsa mafunde enieni pa nyanja ya Malawi, ndipo asodzi amauopa pa chifukwa: pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira pa namondwe kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kutaya miyoyo. Kwa ofuna nyanja yamchere yofunda, gombe la Tofo m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique ndi la Addington ku Durban ndi malo enanso odziwika kwa ophunzira.

Koma phindu lalikulu la nkhaniyi lili pakhomo pompano. Ana a ku Petauke ndi ku Nyimba amamira m'madamu, m'maenje okumbidwa pofuna mchenga ndi njerwa, ndi m'mitsinje yodzaza pobwera kusukulu m'dzinja. Chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo pa dziko lonse pa chiwerengero cha omira poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, ndipo n'chifukwa cha imfa zoterezi bungwe la United Nations mu 2021 linapatula tsiku la 25 Julayi kukhala lokumbutsana za kupewa kumira. Zinthu zitatu zomwe mphunzitsi wa ku Muizenberg amayamba nazo, kuyang'ana madzi usanalowe, kugona chagada ukatopa, ndi kuponya choyandama m'malo modumphira, sizifuna nyanja kapena ndalama. Mphunzitsi wa sukulu, mkulu wa mpingo kapena nduna ya mfumu angathe kuziphunzitsa pamalo osaya, opanda ng'ona, mvula isanayambe. Tiyeni tiyambe chaka chino, ndi ana omwe amawoloka mtsinje popita kusukulu.